Mwana Musamuponye M'madzi

Anzanga, kuno ku Lungwena timakonda kunena kuti mwana wa kunyanja amabadwa akudziwa kale kusambira. Bodza limenelo. Ineyo achimwene anandiponya kuchokera m'bwato kuti ndiphunzire. Ndinamwa madzi mpaka kusanza, ndipo ndinatha chaka ndikuopa nyanja. Sindinafune kuti mng'ono wanga wa zaka 5 aone zomwezo.

Tsiku loyamba sitinasambire n'komwe. Tinapita m'mawa kuli bata, pamchenga pomwe madzi amamulekeza m'chiuno. Ntchito inali imodzi basi: kumiza nkhope n'kutulutsa mpweya kuti thovu lituluke. Mawa lake ndinamugoneka chagada, makutu ali m'madzi, dzanja langa lili kunsi kwa mutu wake. Apa ndiye pagona nkhani. Mwana akangokhulupirira kuti madzi angathe kumunyamula, miyendo sivuta kuphunzitsa. Mphindi 15 n'zokwanira. Akayamba kunjenjemera, tulukani.

Zomupatsa chigubu zija ine ayi. Chikapulumuka m'manja mphepo imachitenga, mwana n'kumachilondola mpaka pakuya.

Pewani m'mabango ndi pamene mtsinje umathira m'nyanja. Ng'ona zimabisala mmenemo, ndipo nkhono zofalitsa likodzo zimakondanso madzi odikha a zomera. Mwera ukamaomba, makamaka mu June ndi July, dikirani kaye. Musatengenso gulu la ana muli nokha. Mwana akamamira nthawi zambiri sakuwa, amangoti zii, ndiye imani poti mukatambasula dzanja mumugwira.

Loweruka lapitali ndinachotsa dzanja mwakachetechete. Anayandama yekha mpaka ndinawerenga kufika 10, kenako anazindikira n'kundikalipira.