Malangizo: Kugula Juzi ya Chipewa Nyengo ya Chisanu

 Mwera ukayamba kuomba mu Juni ndi Julayi, timafuna chovala chofunda, makamaka ana opita kusukulu m'mamawa ndi anyamata a kabaza. Lero tikambe za juzi ya chipewa.

Choyamba, musadikire kuzizira kufike. Mu Epulo ndi Meyi ogula amakhala ochepa, ndipo mitengo pa kaunjika imakhala yofewa.

Chachiwiri, pitani tsiku la msika m'mawa, pamene belo yangotsegulidwa. Zabwino zimatha msanga.

Chachitatu, itembenuzeni juziyo. Yofunda imakhala ndi ubweya wofewa mkati ndipo imalemera m'manja. Iyang'anitseni padzuwa: ngati kuwala kukudutsa, mphepo nayonso idzadutsa. Kokani lasitiki wa m'mikono ndi m'chiuno, muone ngati akubwerera. Yesani zipi kangapo, onaninso misoko ya m'khwapa ndi m'matumba, chifukwa ndimo kung'ambika kumayambira.

Kwa ana, tengani yokulirapo kuti adzavalenso chaka chamawa. Kwa ang'onoang'ono, chotsani chingwe cha pachipewa, chingawakole pakhosi akamasewera.

Dzina lalikulu pachifuwa lisakunyengeni. Chofunika ndi nsalu. Nenererani mwaulemu, ndipo mukagula ichapeni ndi sopo musanavale, muiyanike motembenuza kuti isasuluke.

Dzisamalireni, ndipo agogo kunyumba musawaiwale.