Kiyibodi yanu sinawonongeke

Lero tikambe za kiyibodi ya kompyuta, kenako tigwireko pang'ono za timahedifoni topanda waya tija achinyamata akuyenda nato m'makutu masiku ano.

Dandaulo lomwe timalimva kawirikawiri ndi ili: munthu akufuna kulemba adiresi ya imelo, wadina Shift ndi 2, koma chizindikiro cha @ osatuluka. Basi wayamba kufunsa komwe kuli wokonza makompyuta. Dikirani kaye, ndalama yanuyo musaitaye. Malaputopu ambiri omwe timagula kuno ndi akaunjika, ena anachokera ku UK, ena ku America, ena abale anabwera nawo kuchokera ku Joni. Onsewo zilembo zake zinayalidwa mofanana, ndondomeko ya QWERTY yomwe inayamba ndi mataipi a Christopher Sholes m'zaka za m'ma 1870, koma zizindikiro zimasiyana malo. Yang'anani batani la 3. Mukaona chizindikiro cha paundi, kiyibodiyo ndi ya ku UK, ndipo @ ali kumanja pafupi ndi Enter. Mukaona #, ndi ya ku America, ndipo @ ali pa 2. Vuto limabwera pamene mabatani akunena zina, Windows inauzidwa zina. Pansi kumanja, pafupi ndi wotchi, pamalembedwa ENG US kapena ENG UK. Ngati zonse ziwiri zilimo, gwirani batani la Windows n'kudina Space, kiyibodi isintha pomwepo.

Tsopano nkhani yomwe ikutikhudza kwambiri kuno kwathu ku Mzimba ndi chilembo cha ŵ, w wa kachipewa. Aphunzitsi a ku Robert Laws Secondary School, ophunzira a ku Loudon Teachers Training College, alembi a mpingo wa CCAP, mukamalemba Chitumbuka simungachithawe: ŵana, ŵanthu, ŵapapi. Ambiri amangolemba w wamba, ena amasaka chilembocho m'kalata yakale n'kumachikopera mzere uliwonse. Ntchito yotopetsa zedi, pomwe njira ilipo. Anthu a ku Wales nawonso ali ndi ŵ m'chinenero chawo, ndipo Windows ili ndi kiyibodi yowathandiza yotchedwa United Kingdom Extended.

Tengani cholembera. Tsegulani Settings, pitani pa Time and language, kenako Language. Sankhani English, dinani Options, kenako Add a keyboard, ndipo pa mndandandawo musankhe United Kingdom Extended. Mukatero, gwirani Alt wa kumanja, amene ena amalembedwa AltGr, dinani 6, siyani zonse, kenako dinani w. Ndibwereze: Alt wa kumanja ndi 6, kusiya, kenako w. Mukafuna chachikulu, pomaliza paja gwirani Shift. Kumbukirani kuti kiyibodiyi ndi ya ku UK, choncho @ asamukira pafupi ndi Enter. Ngati kompyuta ndi ya eni ake ndipo simukufuna kusintha kanthu, mu Microsoft Word lembani 0175, n'kudina Alt ndi X, manambalawo asanduka ŵ.

Ena mwamvapo za Dvorak, ndondomeko ya mu 1936 yomwe imaika a, o, e, u, i pa mzere wapakati. Pa laputopu yanuyanu mutha kuyesa. Pa kompyuta ya ku ofesi kapena kusukulu, yomwe anthu khumi amalandizana, ayi ndithu, mudzangozunza anzanu.

Za timahedifoni, njira yotilumikizira ku kompyuta ndi yaifupi. Titchajeni kaye, tsegulani kabokosi kake kapena gwirani batani mpaka kagetsi kayambe kuphethira. Pa kompyuta pitani pa Bluetooth, dinani Add device, sankhani dzina lake. Tikakana kuoneka, kawirikawiri timakhala talumikizana kale ndi foni yanu m'thumbamo, ndiye zimitsani Bluetooth ya foniyo. Musapite patali kuposa mamita 10, ndipo khoma la njerwa limadula mawu msanga.

Chonde musakweze mawu mpaka kumapeto. Bungwe la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chowononga makutu chifukwa cha phokoso lotere, ndipo khutu likawonongeka choncho silibwereranso. Ngati mnzanu wakhala pambali panu akumva nyimbo yomwe ili m'makutu mwanu, tsitsani mawuwo.