Yezani kaye, musathamangire kukonza

Ang'ono anga a ku Insaca amene mwayamba kulemba mapulogalamu a pafoni, tamverani zimene zinandidyera masabata atatu.

Ndinapangira amalonda a nsomba za ku Chilwa kapulogalamu ka Android kolembamo madengu a matemba ndi milamba opita ku Cuamba, komanso ndalama zolowa pa M-Pesa ndi e-Mola. Pa kompyuta yanga kankathamanga bwinobwino. Koma pa foni ya itel ya mayi wina wa ku Entre Lagos, mndandanda wa malonda unkachita kudodoma akaukoka ndi chala. Ndinanamizira netiweki, kenako foni yawo.

Nditalumikiza foniyo ku Profiler ya Android Studio ndi kujambula ntchito ya CPU, vuto linaonekera poyera. Pa mzere uliwonse wa mndandandawo ndinkapanga SimpleDateFormat yatsopano kuti ilembe deti, n'kuitaya pomwepo. Zinali ngati kuluka dengu la nsomba imodzi, n'kulitaya, n'kulukanso lina. Foni imene imajambula chithunzi ka 60 pa sekondi imakupatsani mamilisekondi 16 okha pa chithunzi chilichonse, ndipo ine ndinkawathera pa madenguwo. Pambuyo pake garbage collector inkadyanso nthawi yake posesa zomwe ndataya. Nditapanga SimpleDateFormat imodzi n'kumaigwiritsabe ntchito, kudodoma kunatha.

Musamve ngati ndikuti object iliyonse ndi mdani. Kupanga ka object kakang'ono sikutenga nthawi kwenikweni. Zodula ndi ntchito yochitika mu constructor, komanso kubwereza m'malo otentha monga onDraw. N'chifukwa chake kuwerenga ma object ku mbali ya memory sikukwanira: kumakuuzani kuti alipo angati, osati nthawi imene adya. Nthawiyo muipeze ku mbali ya CPU, pa mizere ya ma constructor ndi zonse zimene akuitana. Yambani ndi sampling, chifukwa kujambula method iliyonse kumalemetsa pulogalamu, timethod tating'ono n'kumaoneka ngati ndi tomwe tikudya nthawi.

Chimene chimandiwawabe n'chakuti mayi aja ankandipepesa kuti foni yawo ndi yotchipa, pomwe wolakwa ndinali ine. Musanasinthe mzere ngakhale umodzi, bwerekani foni ngati yawo, muilumikize, muyeze, mulembe nambala m'kope. Mukakonza, muyezenso pa foni yomweyo.