Kusoka chofunda cha zigamba: poyambira ndi pakhonde la telala

Miyezi ya Juni ndi Julaye, manachesi ali mbwee m'mbali mwa msewu wa M6, ku Mwanza kumazizira kolowa m'mafupa, makamaka kumtunda cha ku Thambani. Mabulangete a ku Joni amadutsa pachipata pathu pomwepa, koma mtengo wake si wa aliyense. Chonsecho pansi pa mashini a telala aliyense pa boma pamakhala mulu wa tizidutswa ta chitenje timene madzulo amangosesa n'kukataya kudzala. Tizidutswa timeneto tingasanduke chofunda chofunda bwino, chokongola, chimene mwana angakule nacho mpaka kupita nacho ku sekondale.

Chofunda cha zigamba chimakhala ndi nsalu zitatu zosanjikiza. Pamwamba pamakhala zigamba zolumikizalumikiza, pakati pamakhala chinthu chosunga kutentha, pansi nsalu imodzi yathunthu. Zitatuzo mumazisokera pamodzi kuti zikhale chinthu chimodzi. Luso limeneli si la anthu olemera. Amayi akuda a ku Gee's Bend, m'chigawo cha Alabama ku America, ankasoka zofunda zawo kuchokera ku zovala zogwirira ntchito zakutha chifukwa cha kusowa, ndipo mu 2002 zofunda zomwezo zinaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu za zaluso ku Houston ndi ku New York. Ku Karnataka, m'dziko la India, amayi a mtundu wa Siddi, amene makolo awo anachokera kuno ku Africa, amasoka zofunda zotchedwa kawandi ndi singano ya pamanja basi. Choncho amene alibe mashini asadandaule.

Choyamba ndi kusonkhanitsa nsalu. Pitani kwa telala amene mumasoketsako, mumupemphe mwaulemu kuti azikusungirani zotsala m'thumba. Ena amapereka ulele, ena amafuna kangachepe, ndipo n'zoyenera kuwapatsa. Nthawi yabwino ndi ya maukwati ndiponso Khirisimasi ikayandikira, pamene amadula zitenje zambiri. Pa kaunjika yang'anani malaya aamuna a thonje ndi nsalu zoyala pabedi. Ngakhale kolala itatha, kumsana kwa malaya kumakhala kukadali kolimba. Zonse zikhale za thonje, zokhuthala mofanana. Nsalu yotamuka ngati ya sikipa ndi ija yoterera ya mkati mwa masuti zisiyeni kaye, chifukwa zimathawa m'manja ndipo zimakokera zinzake kumbali. Jinzi ndi yolimba zedi, koma isokeni ndi jinzi inzake. Ndiwonjezere kuti chitenje cha mpingo chokhala ndi mawu a Mulungu, kapena cha chipani chokhala ndi nkhope ya munthu, muyambe mwaganiza musanachidule. Pakhomo ena angakhumudwe kuona nkhope yoduka pakati ili pabedi.

Mukasonkhanitsa, chapani zonse musanadule kalikonse. Nsalu yatsopano imabwerera ikalowa m'madzi koyamba, pamene yakale inabwerera kalekale. Mukazilumikiza zosachapa, tsiku lochapa chofundacho chidzakhwinyata mosawongoka. Zofiira, zakuda ndi zobiriwira kwambiri ziviikeni pazokha m'beseni. Muikemo kansalu koyera: kakatuluka katasintha mtundu, tsukuluzani mobwerezabwereza mpaka madzi ayere, ndipo ikakana kusiya kutaya utoto, nsalu imeneyo isalowe m'chofunda. Zikauma zisiteni. Simbi ya makala imagwira bwino ntchitoyi, bola kupukuta kunsi kwake kuti phulusa lisadetse nsalu.

Zida zake n'zochepa: sizasi yakuthwa imene ana sadulira mapepala, rula, tepi yoyezera, pensulo, singano, mapini ndi ulusi wolimba wotuwirako, umene umabisika bwino pa nsalu za mitundu yambiri. Pa nsalu zakuda pensulo saoneka; kachidutswa ka sopo wotsala pang'ono kutha, kouma ndi kopyapyala, kamalemba mzere woyera umene umachoka ndi madzi.

Tsopano tafika pamene pagona ntchito yonse, ndipo pano ndichedwapo. Tengani katoni yolimba, mudule kachidutswa kofanana mbali zonse zinayi, masentimita 12 mbali iliyonse. Onetsetsani kuti makona ake ndi owongoka poyerekeza ndi kona ya buku. Dulaninso kena ka masentimita 10. Ikani kakakulu kuseri kwa nsalu, motsatira mmene ulusi wa nsaluyo wayendera osati mopingasa, mulembe mozungulira ndi pensulo wosongoka, n'kudula pamzere penipeni. Kenako ikani kakang'ono pakatikati pa chigamba chimene mwadulacho, mulembenso. Mzere wachiwiriwu ndiwo wosokapo, ndipo sentimita imodzi yotsala mbali zonse ndi ya msoko. Ambiri amaona ngati kulemba chigamba chilichonse n'kutaya nthawi, amangoyeza ndi maso. Taganizani: mukalakwitsa ndi mamilimita 2 okha pa msoko uliwonse, pomaliza mzere wa zigamba 9 mwataya pafupifupi masentimita 2, ndipo mzerewo sudzakumana ndi unzake ngakhale muukoke bwanji. M'mbali mwa katoni mukayamba kufewa chifukwa cha pensulo, dulani ina, chifukwa zigamba zimayamba kuchepa inu osadziwa. M'mphepete mwa chitenje, muja mumakhala molimba ndi molembedwa dzina la kampani, mudulemo n'kutaya.

Musayambe ndi chofunda cha pabedi lalikulu. Yambani ndi zigamba 16, zinayi m'litali zinayi m'lifupi, zimene zimapereka nsalu ya masentimita 40 mbali zonse. Imeneyo ikhoza kukhala chovundikira khushoni kapena choyala patebulo. Ntchito yake yeniyeni ndi kuphunzitsa zala zanu, ndipo ikakhota palibe chimene mwataya. Mukasoka yachiwiri n'kutuluka yowongoka, pitani pa chofunda cha mwana cha masentimita 90 m'lifupi ndi 110 m'litali: zigamba 9 pamzere, mizere 11, zonse pamodzi 99.

Musanasoke, yalani zigambazo pamphasa monga mmene zidzakhalire. Zitenje zathu zili ndi maluwa akuluakulu ndi mitundu yolimbana, ndiye mukaziika zonse moyandikana maso amatopa. Pakati pa ziwiri zamaluwa ikani chimodzi chopanda maluwa, kapena musinthanitse chowala ndi chodera, chowala ndi chodera. Imani chapatali muone. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani, chifukwa pachithunzi chaching'ono malo amene mtundu umodzi waunjikana amaonekera msanga, komanso mwana kapena nkhuku ikabalalitsa mudzadziwa pobwezera. Mukakhutira, sanjani zigamba za mzere uliwonse pamulu wake, mubayepo kapepala ka nambala.

Polumikiza, tengani zigamba ziwiri muziyang'anitse kumaso, kuseri kukhale kunja. Bayani pini pakona ya mzere wa pensulo kuti itulukire pakona ya chinzakecho, muchite chimodzimodzi pakona inayo, ndipo musoke motsatira mzere. Pamanja, ulusi usatalike kupitirira kuchokera kuchala kufika pachigongono, apo ayi umapiringizana. Sokani timisoko tating'ono tolowa ndi kutuluka, ndipo mukabaya kanayi kapena kasanu muzibwerera kumbuyo kamodzi kuti ulusi ukadzaduka pena msoko wonse usamasuke. Pa mashini, kaya ndi Singer kaya ndi Butterfly yopalasa ndi mapazi, matani kapepala pa sentimita imodzi kuchokera pa singano kuti m'mphepete mwa nsalu muzitsata pamenepo.

Mzere ukatha, usiteni kuseri. Misoko ya mzere woyamba igonekeni kumanja, ya wachiwiri kumanzere, ya wachitatu kumanjanso. Mukamalumikiza mizere iwiri, misoko yogona mosemphanayo imakolana yokha. Mukaitsina ndi zala mumamva kuti yakhazikika, ndipo pamenepo ndi pobaya pini. Mukatembenuza n'kuona makona anayi akumana pamalo amodzi, mtima umachita kuti myaa. Posita, simbi muziiika ndi kuinyamula, osaikhwekhwereza, chifukwa kukhwekhwereza kumatamula nsalu. Makona akaphonyana kwambiri, masulani msokowo mubwereze. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za pakati zimadalira chimene muli nacho. Bulangete lakale lopyapyala, lochapa bwino, ndilo labwino koposa kwa woyamba. Nsalu yofewa yaubweya ya pa kaunjika imagwiranso, ngakhalenso nsalu ziwiri zakale zoyala pabedi. M'masitolo a nsalu ku Limbe ndi ku Blantyre mungafunse chofewa choyera chija amaika m'maduveti, koma sankhani chopyapyala, chifukwa chokhuthala chimavuta kubaya ndi singano ya pamanja. Thonje la kumunda musalifulumire: likakhala ndi njere limadetsa nsalu ndi mafuta, ndipo likachapidwa limaundana m'mibulu. Kunsi, chitenje chimodzi cha mamita 2 chimakwanira chofunda cha mwana n'kutsalako. Cha pansi ndi cha pakati zipose cha pamwamba ndi masentimita 5 mbali zonse, popeza posoka zimalowa mkati pang'ono.

Sesani pasimenti kapena yalani mphasa pamalo osalala. Yalani cha pansi, kumaso kwake kuyang'ane pansi, muchikoke pang'ono n'kutsindira m'makona ndi mabuku kapena miyala yoyera. Ikani cha pakati, kenako zigamba kumaso kuli m'mwamba, mukusalaza ndi manja kuchokera pakati kupita kunja. Gwirizitsani zitatuzo ndi misoko italiitali ya ulusi wowala umene mudzausolole pomaliza, kuyambira pakati, mizere yotalikirana ngati chikhatho chimodzi. Apa mawondo ndi msana zimawawa, ndipo ndi pamene mnzanu amathandiza, wina uku wina uko. Mukadumpha sitepe imeneyi, kunsi kumadzapindika inu muli kalikiliki kusoka pamwamba.

Kenako ndiye kusoka kodutsa nsalu zonse zitatu, ntchito ya madzulo ambiri, yokoma kuigwira chofunda chili pamiyendo. Njira yosavuta ndi kudutsa chigamba chilichonse mopingasa, kona ndi kona, mizere yolemberatu ndi rula ndi sopo uja kuti iwongoke ngati mizere ya m'munda yolimira chingwe. Isatalikirane kupitirira masentimita 8. Yambirani pakati nthawi zonse. Mangani kamfundo kakang'ono, mubaye cha pamwamba chokha, mukoke pang'ono mpaka kamfundoko kalowe n'kubisala mkati. Dzanja limodzi likhale kunsi kuti muzimva nsonga ya singano yatulukadi. Chala chokankhira singano chivekeni kachitsulo kake, kapena kachikopa ka nsapato yakutha. Musalimbane n'kuti misoko ikhale ing'onoing'ono; limbanani n'kuti ikhale yofanana. Kuchepa kumabwera kokha mukazolowera. Amene nthawi yamuchepera akhoza kungomanga mfundo za ulusi wokhuthala pamakona onse, ngakhale kwa ine chofunda chosoka chimakhalitsa ndiponso chimagona bwino pathupi. Cha mwana wakhanda chisakhale ndi mabatani, mikanda kapena ulusi wolendewera, ndipo chisamamufike kumaso akagona.

Pomaliza dulani zotsala m'mbali kuti zitatuzo zifanane. Dulani timizere ta nsalu ta masentimita 6 m'lifupi, mutilumikize mpaka titalike mamita 4 ndi masentimita 25, mupinde pakati m'litali mwake n'kusita. Sokererani mbali yosapindayo m'mphepete mwa chofunda chakumaso, mutembenuzire kunsi, n'kumaliza ndi singano ya pamanja. M'makona mukavuta, mangani mbali ziwiri zazitali poyamba, kenako zazifupi, mukupindira nsonga mkati. Kukona ina yakunsi sokanipo dzina lanu ndi chaka. Pochapa, madzi akhale ozizira, osachimenya pamwala kapena kuchipotokola, ndipo chiyanikeni pamthunzi pa zingwe ziwiri kuti kulemera kwa madzi kusadule misoko.

Anthu akadzachiona adzayamba kufunsa kuti, "Mayi, mukugulitsa bwanji?" kapena "Achimwene, mundisokere changa." Kugulitsa si kulakwa, ndipo ena adzapezapo ya sopo. Koma ndikupemphani kuti zoyambirira zikhale za pakhomo panu. Munthu amene tsiku lonse wakhala kudimba, kumsika kapena kuofesi ayenera kukhala ndi kena kake kochita mosathamangitsidwa ndi mwini oda. Ngati pali anzanu a ku Mvano, a ku Dorika kapena a banki mkhonde amene ali ndi chidwi, muzikumana masana amodzi pa sabata, muzisinthana zigamba. Amene ali ndi zofiira zambiri apatse amene ali ndi zobiriwira zokhazokha. Abambo nawonso asachite manyazi, pajatu matelala ambiri a m'makonde mwathu ndi amuna. Amene ali ndi bandulo akalemba mawu oti quilting pa YouTube adzaona mmene ena amagwirira singano, koma akaonera kamodzi aike foni pansi atenge nsalu.

Chofunda cha bedi la munthu mmodzi, cha masentimita 150 ndi 200, chimafuna zigamba 300. Musachiyambe musanamalize cha mwana chija mpaka m'mphepete.