KUMASULIRA LIU LAKUTI "OVERREPRESENTED"

Colinga

Pakutha kwa phunziroli, aphunzi athe kusiyanitsa kuculuka kwa anthu ndi kukula kwa gawo limene apatsidwa.

Tanthauzo

Liu ili la Cingerezi lipezeka kawirikawiri m'nyuzipepala ndi m'malipoti a boma. "Over" atanthauza kupyola muyeso, "represent" atanthauza kuimira, ndipo "-ed" agwira nchito yofanana ndi "-idwa" wa m'Cinyanja. Lotsutsana nalo ndi "underrepresented".

Aphunzi ambiri amalimasulira kuti "ndi ambiri". Kumeneku ndi kulakwa. Liuli liyerekeza zinthu ziwiri: gawo la gulu pakati pa anthu onse, ndi gawo la mipando kapena malo amene gululo latenga. Motero m'Cinyanja tinena kuti "apatsidwa malo opyola ciwerengero cao".

Citsanzo

Pa masankho a 1962 mu Northern Rhodesia, Nyumba ya Malamulo inali ndi mipando 45 yosankhidwa. Mipando 15 inasankhidwa ndi anthu a pa mndandanda wapamwamba, umene ambiri mwa olembedwapo anali Azungu. Koma Azungu sanafike ngakhale atatu pa anthu 100 alionse a m'dziko. Anali ocepa, komabe mau ao anapyola ciwerengero cao. Apa tiona kuti gulu laling'ono lingathe kukhala "overrepresented".

Kaphunzitsidwe

1. Lembani pa bolodi: kalasi ili ndi atsikana 30 ndi anyamata 10.
2. Onjezani kuti: m'komiti ya kalasi muli atsikana 4 ndi anyamata 4.
3. Funsani ngati magawidwe awa ali oyenera. Ambiri adzavomera, poona kuti manambala alingana.
4. Atsogolereni kuona kuti anyamata ndi gawo limodzi mwa magawo anai a kalasi, koma atenga theka la komiti.
5. Aphunzi apange ciganizo ca Cinyanja cofotokoza zimenezi.

Cenjezo

Liuli liyesa cabe. Silichula cifukwa, ndipo siliweruza munthu. Womasulira akalemba kuti "mtundu wakutiwakuti wadzaza m'maofesi", waikapo mlandu umene mwini nkhani sananene. M'dziko la mitundu yambiri monga Zambia, kumasulira kotere kungathe kuutsa cidani.

Zocita

Masulirani m'Cinyanja mau akuti "underrepresented" ndi "overrepresentation", ndipo lililonse mulipangire ciganizo cochula magawo onse awiri.