Mlembi Wolemba Mobisa: Mafunso ndi Mayankho pa Side Effect

Kodi side effect n'chiyani?

Mu Java kapena Python, object imasunga zinthu zake, ndipo ma method ndi ntchito zomwe mungaitume. Tiyerekeze kuti gulu la banki m'khonde kwa Kasakula ku Ntchisi lili ndi pulogalamu yosunga masheya. Method ili ngati mlembi wa gululo. Mukamufunsa kuti, "Mayi awa ali ndi masheya angati?" amatsegula kaundula n'kukuyankhani. Koma akayankha uku akulembamo kanthu, kaundula uja sali momwe analili. Kusintha kotsalira kumeneko ndiye side effect.

Ndiye kuti ndi yoipa?

Ayi. Mukaimba *211# kuti mutumize ndalama pa Airtel Money, mumafunadi kuti zichoke kwanu zipite kwa mnzanuyo. Choopsa ndi method yooneka ngati ikungoyankha, pomwe kuseri ikusuntha zinthu.

Vuto limabwera bwanji?

Mu Python, sort imasanja mndandanda womwewo n'kubweza None (kutanthauza kuti palibe kanthu), pomwe sorted imapanga watsopano, wakale osaukhudza. Tinene kuti mayina alembedwa motsatira amene ayambe kulandira ngongole yogulira mbewu ya soya. Wina afuna lipoti lotsata zilembo, aitana sort. Lipoti latuluka bwinobwino, aliyense wasangalala. Komatu mndandanda ndi umodzi, ndipo gawo logawa ngongole limawerenga womwewo. Sabata yotsatira amene dzina lawo limayamba ndi A apezeka patsogolo, amene anadikira miyezi atsalira. Phokoso libuka pansi pa mtengo wa mango, mlembi ayamba kulozedwa chala, ndipo palibe angakumbukire lipoti lija. Ngakhale wolemba pulogalamuyo atha tsiku lonse akufufuza gawo la ngongole, lomwe lilibe mlandu.

Nanga tingapewe bwanji?

Bertrand Meyer, amene anapanga chilankhulo cha Eiffel, analangiza m'buku lake la 1988, Object-Oriented Software Construction, kuti method ikhale yofunsa kapena yolamula, osati zonse ziwiri. Dzina linene zoona: onaMasheya ingoyang'ana basi, onjezaMasheya ndiyo isinthe. Wina akapempha mndandanda, mupatseni kope.

Kodi aliyense amatsatira zimenezi?

Ayi ndithu. Mu Python momwemo, pop imachotsa chinthu pamndandanda n'kukupatsani nthawi imodzi. Ine sindiyiimba mlandu, poti ntchito yake ndi yodziwika. Imene ndimaiopa ndi ija yotchedwa ona, koma mkati mwake ikudula chindapusa cha wochedwa kumsonkhano.