Phunziro: Swichi Yozimitsa Mapampu a Mafuta ndi Kukhulupirika kwa Mmisiri

Abwenzi, tiwerenge ndime izi mosinthana, kenako tikambirane mafunso ali kumapeto.

1. Pa malo omwetsera mafuta, choopsa kwambiri ndi nthunzi ya petulo. Nthunziyi ndi yolemera kuposa mpweya, choncho imatsika n'kumayenda chapansi, kuzungulira pampu. Magetsi akangothetheka pang'ono pamalo otere, moto umabuka.

2. Tione chitsanzo cha ku United States. Kumeneko amisiri a zamagetsi amatsata buku la malamulo lotchedwa National Electrical Code, limene bungwe la NFPA limalikonzanso pa zaka zitatu zilizonse. Gawo 514 la bukuli limakamba za malo omwetsera mafuta. Limalamula kuti pakhale swichi yozimitsira mapampu pa nthawi ya ngozi, ndipo iikidwe pa mtunda wosachepera mamita 6 komanso wosapitirira mamita 30 kuchokera pa pampu. Ikayandikira kwambiri, moto ungatchinge munthu wopita kukazimitsa. Ikatalikira, munthuyo angafike mochedwa. Ikazimitsidwa, magetsi asabwerere okha mpaka munthu atayatsanso ndi dzanja lake.

3. Pali mbali ina imene maso saona. Swichi ya m'nyumba imadula waya umodzi wokha, wobweretsa magetsi. Ya pa pampu iyenera kudula mawaya onse nthawi imodzi, ngakhale wa neutral, chifukwa nawonso ungakhale ndi magetsi ochokera kwina. Mapaipi odutsamo mawaya ayeneranso kumatidwa m'kati kuti nthunzi isayende m'menemo n'kukafika m'nyumba.

4. Tsopano tiyerekeze kuti mwini malo akufuna kutsegula msanga, ndipo akuuza mmisiri kuti, "Bambo, ingoikani swichi wamba, bola pampu izizima." Swichi wambayo izimitsadi pampu, ndipo bokosi lake likatsekedwa palibe angasiyanitse. Koma amene aikidwa pangozi sali nawo pa zokambiranazo: wothira mafuta, dalaivala ndi ana ali m'galimoto, komanso mmisiri wina amene adzabwere patapita zaka, n'kugwira mawaya pokhulupirira kuti magetsi azima.

5. Mmisiri wokhulupirika amafotokozera mwini malo mwaulemu chimene lamulo likufuna ndi chifukwa chake, n'kumuuza mtengo weniweni wa ntchitoyo. Amamukumbutsa kuti kuthamanga sikufika. Mwini malo akaumirira, iye amaisiya ntchitoyo. Tisaganize kuti zimenezi n'zapafupi, pakuti kunyumba ana akudikira chakudya ndi fizi, ndipo mwina mmisiri wina aivomera mawa lomwe. Komabe woyendera ntchito amabwera tsiku limodzi, pamene mawayawo amakhala m'bokosimo zaka zambiri. Anthu onse omwetsa mafuta pamenepo amadalira zimene mmisiri anachita ali yekha.

Mafunso okambirana

a) N'chifukwa chiyani swichi ya pangozi siyenera kuyandikira kapena kutalikira kwambiri pampu?

b) Ngati mmisiri waika swichi wamba ndipo ngozi sinachitike, kodi walakwa? Tifotokoze chifukwa chake.

c) Tingayankhe bwanji bwana amene akutiuza kuti tichite zachidule, popanda kumunyoza?

d) Pa ntchito yathu, kaya ndi yomanga, yosoka, yophunzitsa kapena yogulitsa, ndi mbali iti imene ena saiona koma amaidalira?